Chitini Chofiira cha Mafitingi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri pa chaka chimenecho si maphunziro ayi, koma kusowa pokhala. Matipate atangobwera, ana anakhamukira kusukulu kwathu ku Ndirande mpaka aphunzitsi anasiya kuitana mayina. Ena anali ndi ndevu kale. M'makalasi munadzaza, ndiye ife a Sitandade 5 anatitulutsa kuti tizikaphunzirira pansi pa mtengo wa bulugamu, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Pansipo panali fumbi lofiira lija loti ukangokhalapo yunifolomu imasintha mtundu kumbuyo kokha, anyamata n'kumakuseka ukamapita kukalemba pabolodi. Aliyense ankabwera ndi chokhalira chake: wina njerwa, wina mwala, wina chipika. Koma amene anali ndi chitini cha penti ndiye anali bwana, chifukwa chitini n'chopepuka, n'chachitali bwino, ndiponso chili ndi chogwirira. Ine ndinali ndi mwala wosongoka umene unkandichititsa dzanzi, ndipo ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Zitini zoterozo kwathu zinalipo, kungoti zinali ndi eni ake. Bambo anga, a Namakhwa, anali makaniko wa mathirakitala. Anagwira ntchito zaka zambiri pakampani ina ku Makata, ndipo itatsekedwa anamanga kagalaja ka malata akale kuseri kwa nyumba yathu. Luso lawo lenileni linali pa haidiroliki, ndiye kuti mapaipi a oyilo amene amanyamula pulawo ndiponso kutukula ngolo ikamakhuthula mchenga. Paipi iliyonse imalumikizidwa ndi kachitsulo ka mazinga, kotalika ngati chala chachikulu, kamene amakaniko amati fitingi. Zaka zimenezo mathirakitala akale ankalowa m'dziko muno kuchokera kulikonse, ndipo iliyonse inkabwera ndi mazinga akwawo. Choncho bambo ankasunga mafitingi awo m'zitini za penti pansi pa benchi, mtundu uliwonse chitini chake. Chobiriwira chinali cha mazinga a Chingelezi, amene ankafunika kwambiri. Chofiira chinali cha a Chimereka. Panalinso zina ziwiri zimene sizikukhudza nkhani ino.

Bambo sanali munthu woipa, koma anali wouma. Sankakonda kufunsidwa chinthu kawiri, ndipo m'galajamo mwana sankaloledwa kuponda. Lamulo lawo lalikulu, limene tinkalimvera kuseri kwa malata akamalangiza munthu, linali loti fitingi imalowa ndi zala mpaka kumapeto. Sipanala imabwera pomaliza, kudzangomangitsa. Ikakana zala ndiye kuti si yake, ichotse.

Chaka chomwecho tinkakhala ndi amalume a Lusiyano, achimwene awo a amayi. Ntchito yawo pafakitale ina ku Limbe inali itatha, ndiye anatumiza akazi awo ndi ana kumudzi ku Phalombe, iwo n'kutsala kwathu kuti azisaka ina. Ankagona m'kachipinda kosungira makala pafupi ndi khitchini. Mumvetse kuti awa sanali mlendo wamba. Kwathu amalume ndiwo mwini mbumba. Ndiwo anaimira amayi ngati ankhoswe pamene bambo anakawafunsira, ndiwonso ankaitanidwa bambo ndi amayi akayambana. Tsopano munthu yemweyo ankadya m'nyumba ya mlamu wake, akupempha kaye asanatenge sopo. Zinkawapweteka, ngakhale ankabisa ndi nthabwala. Kudya chaulere sankafuna, choncho ankathandiza m'galaja: kutsuka zitsulo m'palafini, kugwira paipi bambo akamamanga. M'mawa uliwonse ankandisitira yunifolomu ndi nsimbi ya makala, akundinena kuti ndimasamba fumbi ngati nkhuku. Ndinkawakonda kuposa abale athu onse.

Tsiku lina m'mawa bambo anapita ku Makata kukamangitsa zitsulo kumapeto kwa mapaipi, amalume anali kukiyosiki kukatunga madzi, ine n'kulowa m'galaja. Ndinanyamula zitini zija chimodzichimodzi, ndipo chofiira ndicho chinali chopepuka. Munali mafitingi ochepa, ongodzaza manja anga awiri. Sindinali mwana wopusa, ndiye ndinati ndione kaye. Ndinatenga imodzi m'chofiira, ina m'chobiriwira, n'kupita nazo pakhomo pomwe panali kuwala. Kutalika kofanana, kunenepa kofanana, mazinga ofanana. Ndinazigunditsa pamodzi, mazinga n'kulowana bwinobwino. Ndinangoti koma bambowa amaononga zitini. Ndinakhuthulira zonse m'chobiriwira, ndipo taonani nzeru zangazo, ndinachigwedeza kuti zikhazikike bwino. Chofiira ndinachikwecha ndi mchenga ndi sopo n'kuchilowetsa m'thumba la feteleza. Sindinadzione ngati wakuba. Chitsulo ngakhale chimodzi sindinatenge, ndinangotenga chitini.

Tsiku limenelo pansi pa bulugamu anandidziwa. Ndinakhala pamwamba, miyendo ili pamodzi, kope lili pamaondo, yunifolomu yoyera mbee mpaka poweruka. Komabe chitinicho sindinkapita nacho kunyumba. Ndinkachisiya kwa mnzanga wina amene ankakhala kuseri kwa sukulu, kutanthauza kuti pansi pamtima ndinkadziwa ndithu kuti bambo sangaseke.

Patapita sabata kunabwera thirakitala ya a Matewere. Bambo amenewa anali atapuma ntchito m'boma n'kugula thirakitala yakale ya ku Mangalande pamodzi ndi ngolo yake, imene inkatutira mchenga ndi njerwa anthu omanga ku Machinjiri. Paipi yotukula ngolo inkadontha oyilo. Bambo anga anakonza paipi yatsopano, koma asanaimange kunabwera galimoto kudzawatenga kupita ku esiteti ina ku Thyolo kumene makina anali ataima. Akukwera galimotoyo anauza amalume kuti atenge fitingi ya hafu inchi m'chitini chobiriwira, amange paipiyo, kantchito kochepa. Amalume anachita zomwezo. Pambuyo pake anafotokoza kuti fitingiyo inazungulira bwino kanayi, kenako inayamba kulimba. Anaganiza kuti ndi dzimbiri. Woti amufunse panalibe, a Matewere anali ataima pomwepo akuyang'ana wotchi, ndipo munthu wamkulu safuna kuoneka kuti wagonja ndi kachitsulo. Anakulunga tepi yoyera yotsekera kudontha pamazinga ake n'kukoka ndi sipanala mpaka inakhala. Anayesa ngolo yopanda katundu, inakwera n'kutsika, osadontha. Madzulo amenewo amalume ankaimba nyimbo za kutchalitchi akusamba m'manja.

Patangopita masiku awiri a Matewere anabweranso, wapansi, paipi ili m'manja, malaya onse ali oyilo yekhayekha. Anayamba kukalipa akadali kumsewu. Ngolo yodzaza mchenga inali itatukuka mpaka pamwamba pamene fitingi inazuka, oyilo n'kuthovoka, ngolo n'kugwa kamodzi n'kamodzi. Dalaivala wawo anali pambali akukokera mchenga ndi fosholo, ndipo inamuthyola mkono. Anali kuchipatala. A Matewere anatchula za polisi kawiri. Ine ndinali pakhonde ndikutsuka mbale, ndipo ndinamva zonse.

Bambo analandira paipiyo kwa a Matewere. Anatenga fitingiyo, anaipukuta ndi kansanza, anachotsa tepi, n'kuyendetsa chikhadabo pamazinga ake. Kenako anaitana amalume.

"Alamu, iyi munaitenga kuti?"

"M'chobiriwira, monga munanenera."

"Iyi ndi ya Chimereka. Chiyambire ya Chimereka sinalowemo m'menemo."

Amalume analumbira kuti anatenga m'chobiriwira. Bambo anakoka chitinicho n'kuchikhuthulira pachiguduli pabwalo, anthu oyandikana nafe ataunjikana kale kumpanda. Anagwada n'kuyamba kuyesa imodziimodzi pa nati ya Chingelezi. Zina zinkalowa mpaka kumapeto, zina zinkaima panjira. Zoima panjirazo ankaziika pambali, ndipo kamulu kake kankangokula. Atamaliza anasuzumira pansi pa benchi kufuna chitini chofiira. Anangopeza chizindikiro chozungulira pafumbi pomwe chinkakhala.

Nditanena kuti sindinamvetse zimene zinachitika, lingakhale bodza. Ndinamvetsa bwinobwino, ndipo mawu anafika pakhosi. Koma m'mutu mwanga munali mkono wothyoka ndi polisi. Ndinadziona atandikweza m'galimoto yawo, amayi akulira, ana a Sitandade 5 akundiloza. Ndinaweramira m'beseni n'kumatsuka mbale yotsuka kale.

Bambo anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja.

"Ndazindikira tsopano," anatero. "A Chingelezi ndi amene amayenda malonda kumsika. Mwakhala mukutapa a Chingelezi, n'kuthiramo a Chimereka kuti chitini chizioneka chodzaza. Chofiiracho mwataya kuti ndisaone kuti chatha."

"Alamu, mukundinena kuti ndine wakuba?"

"Ndanena zimene ndaona."

Anthu akumpanda anamva. Choipa chake n'chakuti nkhani ya bamboyo inali ndi mutu. Mafitingi awo sankawawerenga, ndiye panalibe akanatsutsa kuti ena asowa. M'galajamo munkalowa anthu awiri okha. Za kamtsikana kotsuka mbale pakhonde panalibe anaganizako.

Masiku otsatirawo m'nyumba mwathu munazizira. Ndirande ndiye mukuidziwa, nkhani ikatuluka kumpanda m'mawa, masana imabwerera itanenepa. Mayi wina wa pakiyosiki anati anawaonapo amalume kumsika, kumzere wa ogulitsa zitsulo zakale. Zinali zoona, ankapitako kukafunsa ganyu, koma omva sanafune mbali imeneyo. Wina anakumbuka kuti anawaona akudya chipisi pachiwaya, n'kufunsa kuti lova amadya chipisi ndi chiyani. Mayi wa nyumba yachitatu, amene poto wake anasowa chaka chapitacho, anayamba kufufuza kuti amalume anabwera mwezi uti. Bambo anathera tsiku lonse kumsika akutembenuza mafitingi a mavenda, n'kubwera ndi imodzi imene analumbira kuti ndi yawo, ati anaizindikira ndi kachipsera ka sipanala. Abale, fitingi yakale yopanda chipsera cha sipanala munaionapo kuti? Galaja anaiika loko, kiyi n'kumangirira palamba.

Amalume nawo anali ndi maganizo awo. Ndinawamva kuseri kwa khitchini akuuza amayi kuti alamu anachita dala, anasakaniza okha zitsulo kuti apeze chowathamangitsira, poti anatopa kudyetsa munthu wamkulu. Anafunsa kuti nanga galimoto ya ku Thyolo ija inangotulukira bwanji nthawi yomweyo. Amayi anawauza kuti asiye zimenezo. Koma madzulo ake ndinawaona amayi akuyang'ana bambo cham'mbali nthawi yaitali.

Chimene chinawamaliza amalume si mawu a bambo. M'mawa wina anapita kukatenga nsimbi kuti andisitire yunifolomu monga mwa masiku onse, koma pashelefu panalibe. Wailesi panalibenso. Amayi anali atazilowetsa kuchipinda kwawo, chitseko n'kukhoma. Amalume anaima pabalaza makala ali m'manja.

"Achemwali, nsimbi ili kuti?"

Amayi anayankha osawayang'ana, ati masiku ano ana a m'dera lino akulowa m'nyumba za anthu. Amalume anagwedeza mutu, anakabweza makala m'thumba, n'kutuluka. Tsiku limenelo ndinapita kusukulu ndi yunifolomu yokwinyika, ndipo sanandisitirenso.

Nanga ine? Ine ndinkakhalabe pachitini. Ndinkaopa kuti ndikachisiya anzanga afunsa chifukwa chake. Penti yofiira ndinaipala ndi mwala mpaka manja anasupuka, koma m'mphepete inakanirira. Mwana aliyense akachiyang'ana ndinkati watumidwa. Mphunzitsi akanditchula dzina ndinkati andigwira. Mnzanga wosunga chitini uja ndinayamba kumukayikira, n'kumamugawira mandasi anga kuti asayankhule, chonsecho mwana wa eni sankadziwa kanthu. Kamodzi ndinayesa kuuza amayi akundipesa tsitsi. Ndinati, "Amayi," iwo n'kuyankha mokalipa kuti ngati ndi za nsapato ndisayambe, ine n'kuvomera kuti zinalidi za nsapato.

Pali chinthu china chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonsezi. Ndinayamba kudziuza kuti mwina amalume anabadi ena. Inde ine ndinasakaniza, koma nanga chipisi chija? Nanga fitingi ya chipsera ija? M'Ndirande monse wodziwa choonadi ndinali ine ndekha, koma nanenso ndinayamba kuwayang'ana m'manja akamatuluka pakhomo. Kutero kunkandipeputsa mtima.

Masiku anakwana khumi ndi awiri. Lamlungu titabwera kutchalitchi, amalume ananena kuti mawa lake apita ku Phalombe. Bambo anangoti ayende bwino. Amayi anati mwina n'zabwino, mitima iyambe yazizira. Panalibe anawaletsa.

Lolemba, chakumateni koloko, tikulemba masamu, ndinaona amalume akudutsa m'bwalo la sukulu, chikwama chili paphewa. Anabwera kudzanditsanzika, chifukwa m'mawa ndinali nditazemba dala osawaona. Anapempha mphunzitsi n'kuyenda pakati pa ana mpaka pomwe ndinali. Mtsikana woleredwa bwino amatsika n'kugwada amalume ake akafika, ndipo ine ndinkatero masiku onse. Tsiku limenelo ndinakokera yunifolomu pansi kuti ibise chitini, n'kuwapatsa dzanja ndili pomwepo. Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana pansi pomwe m'mphepete mofiira munkaonekera.

"Felista, tadzuka."

Ndinadzuka. Anatembenuza chitinicho n'kununkhiza mkati mwake. Oyilo wa haidiroliki sachoka ndi sopo. Ananditengera kuseri kwa kalasi, kutali ndi anzanga.

"Zinali mkatimu unaziika kuti?"

"M'chobiriwira," ndinatero ndikulira. "Zinali zofanana, amalume."

Ndinkayembekeza khofi, ndipo ndikanalilandira ndi manja awiri. Koma anangoseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti nawonso anaziona zofanana. Ndinawagwira malaya, kuwapempha kuti tibwerere kunyumba tikanene limodzi. Anakana.

"Ndikapita nawe adzati ndakupangira. Adzati wakuba wakankhira mlandu kwa mwana. Upite wekha, chitini chili m'manja. Ine basi yanga ili ku Limbe."

Anandisisita kumutu n'kunyamuka, osatembenuka.

Sindinadikire belu. Ndinayenda njira yonse chitini chili m'manja, poyera, aliyense akuona. Bambo ndinawapeza ali pansi pa galimoto ya munthu, poti mathirakitala anali atasiya kubwera chichitikire ngozi ija. Ndinachiika pafupi ndi mapazi awo n'kugwada. Anatuluka, anachiyang'ana, anandiyang'ana. Ndinafotokoza zonse, kuyambira mwala wosongoka uja. Amayi anatuluka m'khitchini kudzamvetsera, ndipo nditafika pogwedeza chitini anangokhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Bambo sanandimenye. Mpaka lero ndimati bola akanandimenya. Anatsegula galaja, anatenga mafitingi onse aja anawasankha, a Chingelezi ndi a Chimereka, n'kuwasakanizanso dala pachiguduli. Anandipatsa nati imodzi ya Chingelezi n'kunena kuti ndisadzuke mpaka nditawalekanitsa onse, ndi zala zokha. Poyamba anakhala pambali panga. Anandionetsa kuti ya Chingelezi imatsetsereka mpaka kumapeto, ndipo ukayendetsa chikhadabo nsonga za mazinga ake n'zosalala. Ya Chimereka n'yakuthwa pang'ono, n'yowonda kunsonga, imazungulira katatu kapena kanayi ngati yake, kenako n'kugwira. Anati pa hafu inchi mazinga a mitundu iwiriyi amatalikirana mofanana, n'chifukwa chake amapusitsa maso. Ukaikakamiza ndi sipanala imakhala ndithu, koma imakhala yagwira ndi nsonga zokha, ndipo tsiku limene oyilo adzakankhe ndi mphamvu zake zonse, ngolo ili m'mwamba, idzazuka. Ankalankhula motsitsa, osandiyang'ana. Ndinamaliza dzuwa litapendeka, zala zitatupa. Mpaka pano mutandipatsa ziwirizo nditatsinzina, ndikhoza kukuuzani iyi ndi iti.

Loweruka bambo anavala jekete la kutchalitchi n'kukakwera basi ya ku Phalombe. Asananyamuke anayenda nyumba ndi nyumba mumzere wathu kuuza anthu kuti alamu awo sanabe kanthu. Anthu anavomera ndi pakamwa. Kukiyosiki ena ankanong'onezana kuti a Namakhwa akungofuna kukonza banja, apachika mlandu pa mwana poti mwana samangidwa.

Bambo anabwera Lamlungu ali okha. Anauza amayi kuti alamu anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, anamva kupepesa konse, anavomeranso kuti nawo analakwa kukoka ndi sipanala. Koma zobwerera ku Ndirande anati ayi. Anati alime.

Sanadzakhalenso m'tauni. Ankabwera mwa apo ndi apo, pamaliro kapena kudzangotiona, atanyamula nandolo ndi mbatata, ndipo ankaseka nafe ngati kale. Udindo wawo wa umalume sanausiye, pa chinkhoswe changa ndiwo anaima kutsogolo. Koma ulendo uliwonse, nthawi yotsanzikana ikakwana, ankaika chikwama chawo patebulo pabalaza, n'kutsegula zipi, n'kuchikankhira kwa amayi.

"Taonanimo, achemwali, ndisananyamuke."

Ulendo woyamba amayi analira, n'kuwapempha kuti asawachite zimenezo. Amalume anati palibe choipa, n'chizolowezi chabe cha kufakitale kumene alonda ankasecha pageti. Sankanena mokwiya ayi. Ankangodikira mpaka amayi ataponya maso mkatimo, kenako n'kutseka. Bambo zikafika pamenepo ankatuluka kupita kugalaja.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kusakaniza zitsulo. Tsopano ndimaona kuti kumeneko kunali kulakwa kwa mwana wofuna pokhala. Ndikanayankhula masana aja mbale ili m'manja, ndikanalandira zikwapu, amalume akanakalipiridwa za sipanala, dalaivala akanachira monga anachiriradi, basi. Koma ine ndinapatsa anthu masiku khumi ndi awiri, ndipo m'masiku amenewo aliyense anaonetsa zimene ankaganiza za munthu wopanda ntchito wogona m'kachipinda ka makala: bambo, oyandikana nafe, mlongo wawo weniweni. Choonadi chitabwera chinachotsa mlandu, koma zimene amalume anaona sichikanazichotsa. Chimene ndinkadzitonthoza nacho n'chakuti za ine sanadziwe, kuti nanenso ndinkawayang'ana m'manja.

Ulendo wawo womaliza anafikira kwanga ku Chilomoni, amayi atamwalira kale. Anali atakalamba, anabwera kudzaonana ndi dokotala, ndipo anagona masiku atatu m'chipinda chabwino kuposa zonse m'nyumba mwanga. Tsiku lobwerera ndinawakonzera kamba wa panjira, ana anga anawanyamulira ndodo. Atafika pabalaza anaima, anaika chikwama patebulo, n'kulimbana ndi zipi nthawi yaitali chifukwa zala zinali zitauma. Ndinawauza kuti amalume, kuno ndi kwanga, zimenezo ayi. Anamwetulira, n'kuchikankhira kwa ine.

"Taonamo, Felista."

Ndinaonamo. Munali malaya awiri, Baibulo ndi mankhwala a kuchipatala.